Giya yachisanu pa FJ45 ya injini ya 1HZ: H55F, R151F, H150F kapena NV4500?

Land Cruiser FJ45 yomwe ndimayendera ndi ya 1978, ndipo inali ya malemu bambo anga. Inabwera ndi injini ya petulo ya 2F, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, injini yomvera koma yakumwa mafuta mosaganizira mwini wake. Kuchoka ku Vila Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita pafupifupi 230, ndipo ulendo uliwonse wa mbatatesi, gawo lalikulu la phindu linkatsala pa pampu ya mafuta. Nditatsitsa 2F n'kukweza 1HZ ya dizilo, dandaulo la mafuta linachepa. Koma amisiri anailumikiza ku giyabokosi yakale yomweyo, H41 ya magiya anayi, ndipo pa phula la pakati pa Mussacama ndi Moatize galimoto inkabangula moti wokhala naye pampando umodzi kunkachita kumukuwira. Dzanja linkapita lokha kukafuna giya yachisanu, n'kupeza kulibe.

Ndinatha chaka ndi miyezi ndikufunsa, kuyeza ndi kuwerengera ndisanakhazikike pa giyabokosi ina, ndipo pakati pakepo ndinatayapo ndalama. Zimene ndalemba pano ndi za munthu amene ali ndi FJ45, HJ45 kapena HJ47 ndipo waikamo 1HZ, kapena ali ndi maganizo otero. Wa Hilux kapena Land Rover yakale atolapo kawerengedwe kake, ngakhale kuti mayina a magiyabokosi ake ndi ena.

Yambani ndi pensulo

Giya yachinayi pa magiyabokosi onse omwe nditchule ndi 1.000, kutanthauza kuti injini ikazungulira kamodzi, shafti yotulukira kumbuyo imazunguliranso kamodzi. Overdrive ndi giya yomwe nambala yake ili pansi pa 1, imene amisiri a ku Tete amangoti quinta. Ikakhala 0.845, injini imazungulira ka 845 pamene shafti yazungulira ka 1,000. Liwiro lomwelo, koma injini ikupumako.

Tayala la 7.50R16, lomwe ambirife timavalika pa magalimoto amenewa, likagubuduka kamodzi limadya mamita pafupifupi 2.5. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita 1,667 pa mphindi, choncho tayala limazungulira ka 667. Difu ya FJ45 ndi 4.11, kutanthauza kuti shafti imazungulira ka 4.11 kuti tayala lizungulire kamodzi. Chulukitsani 667 ndi 4.11, mupeza 2,740, ndipo kumeneko ndiye kuzungulira kwa injini pa mphindi mu giya yachinayi. Pa 80 pa ola ndi 2,190.

Tsopano yang'anani injiniyo. Toyota inayamba kupanga 1HZ mu 1990. Ndi ya 4,164 cc, yopanda turbo. Mphamvu yake yokokera, pafupifupi 285 Nm, imafika pachimake injini ikamazungulira ka 2,200 pa mphindi, ndipo mphamvu yonse ya 96 kW imatuluka pa 3,800. Ndinachedwa kuvomereza zimene manambalawa akunena: pa 80 mu giya yachinayi, injiniyi ili pamalo pake penipeni. Ngati ntchito yanu ndi ya m'misewu ya fumbi ya m'midzi ya ku Tsangano, Dómuè ndi Macanga, kumene 60 ndi liwiro lalikulu kale, giya yachisanu simudzaigwira ngakhale mutaigula. Ndalamayo konzerani mabuleki ndi masipuling'i. Giya yachisanu ndi ya munthu woyenda pa phula, wa N304 ndi N7, amene mlungu uliwonse amawoloka Zambezi kapena kupitirira mpaka ku Changara.

Pali nambala ina yomwe ogula ambiri saifunsa, ya giya yoyamba. Ichulukitseni ndi ya difu, mudziwa mmene galimoto inyamukire itasenza. H41 ili ndi giya yoyamba ya 4.925, ndipo ndi difu ya 4.11 zimapereka 20.2. Nambala imeneyi ndi yomwe imadzutsa matumba a mbatatesi pa chitunda cha m'dimba popanda kuwotcha kilachi. Giyabokosi iliyonse yatsopano ndinkaiyeza ndi 20.2 ameneyu ndisanayang'ane n'komwe giya yachisanu.

Dera lathunso lili ndi khalidwe lake. Mzinda wa Tete uli pansi, mamita osafika 200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Ulónguè ali pamwamba pa mamita oposa 1,200, ndipo Tsangano ndi kumtunda kuposa apo. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse omwe yakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Timatsika ndi mbatatesi, nyemba ndi chimanga, koma pobwerera sitibwera chimanjamanja: simenti, mchere, malata, nthawi zina kapenta wa ku Cahora Bassa. Ndiye galimoto imakwera itasenza, injini ikucheperachepera mphamvu. Overdrive yozama kwambiri pa ulendo woterowo imangokhala chokongoletsa.

Kusiya magiya anayi n'kusintha zina

Njira yotchipa imene aliyense amayamba waiganizira ndi kusintha difu kapena matayala. Ma Land Cruiser ena anatuluka ndi difu ya 3.70. Mukaika imeneyo, pa 100 injini imatsika kuchoka pa 2,740 kufika pa 2,470. Koma difu simasankha giya, imatalikitsa onse. Ija 20.2 imagwa n'kukhala 18.2, ndipo muyenera kusintha difu ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, apo ayi tsiku lomwe mudzalowetse magudumu onse anayi transfer, bokosi logawira mphamvu ku magudumu akutsogolo ndi akumbuyo, idzalimbana yokha mpaka china chithyoke. Matayala akuluakulu amachita chimodzimodzi, n'kuwonjezerapo ntchito pa mabuleki a dramu omwe ndi ofooka kale. Kwa galimoto yongoyendera, njirayi ndi yabwino. Kwa yonyamula, ayi.

Kunalinso overdrive yochita kumangirira pa transfer, ya kampani ya Fairey ya ku England, yodziwika kwambiri pa Land Rover. Ya Toyota inaliponso, koma kuipeza yamoyo masiku ano n'kovuta, ndipo zipangizo zake kuno kulibe. Ndinaisiya pomwepo.

H55F

Iyi ndi giyabokosi yomwe Toyota inaika mu HJ60, HJ75 ndi HZJ75, ndipo HZJ75 inaiyendera kumbuyo kwa 1HZ yemweyu mpaka 1999. Ndi mbale wake wa H41 ndi H42, thupi lachitsulo cholemera, kungoti kumbuyo anawonjezerako chipinda cha giya yachisanu. Magiya ake ndi 4.843, 2.619, 1.516, 1.000 ndi 0.845.

Yang'anani nambala yoyambayo. Ndi difu ya 4.11 imapereka 19.9, pafupifupi chimodzimodzi ndi 20.2 wa H41. Magiya anayi oyambirira ali ngati omwe munazolowera, ndipo galimoto imanyamuka ngati kale. Chomwe mwawonjezera ndi giya imodzi pamwamba, yotsitsa injini kufika pa 2,320 pa liwiro la 100, ndi 2,080 pa 90. Pamenepo ndi pomwe 1HZ imakoka bwino. Anthu ena amadandaula kuti 0.845 ndi overdrive yosazama, kuti kusiyana kwake ndi giya yachinayi n'kochepa. Ine ndimaona kuti kuchepako ndi komwe kumaichititsa kukhala giya yogwiritsika ntchito. Pa zitunda zing'onozing'ono za pakati pa Moatize ndi Zóbuè, galimoto yopanda katundu wambiri imakwera ili mu quinta osafuna kutsitsa.

Koma H55F siingolowa ngati nsapato. Apa ndi pomwe ndinapsa. Ndinaipeza kwa munthu wina wogulitsa zipangizo zakale ku Lilongwe, poti kwa ife a ku Angónia, Lilongwe ndi kufupi kuposa Tete ukadzera pa Calómuè ndi Dedza. Ndinaizunguza ndi dzanja, magiya onse asanu analowa, ndinalipira, ndinalipiranso msonkho pachipata. Nditaitsitsa pa galaja ku Ulónguè, mdala yemwe ankakonza galimotoyi kuyambira nthawi ya bambo anga anaiyang'ana kumbuyo osaigwira n'komwe.

"Mwananga, transfer yake waisiya kuti?"

"Madala, si tili nayo ya m'galimotomo?"

Anatenga nsanza, napukuta shafti yakumbuyo, n'kundiitana kuti ndiwerame. Kenako anandilozera transfer yakale yomwe inali pansi pa mtengo wa mango. FJ45 ya 1978 ili ndi transfer ya thupi limodzi. H55F imafuna transfer ya zigawo ziwiri, imene amati split case, yomwe Toyota inayamba kuika chakumapeto kwa 1980. Mabowo a mabawuti ndi osiyana, shafti ndi yosiyana. Galimoto inakhala pa zitsa miyezi itatu, nyengo yokumba mbatatesi, ine ndikubwereka ya anthu. Choncho mukamagula H55F, gulani pamodzi ndi transfer yake, bell housing (chigoba cholumikiza giyabokosi ku injini) ya 1HZ, foloko ya kilachi, ndodo zonse ziwiri ndi chitsulo chopingasa chomwe imakhalapo. Zichoke m'galimoto imodzi ngati n'kotheka.

Shafti yakutsogolo, yolowa mu kilachi, nayonso imasiyana malinga ndi injini yomwe giyabokosiyo inapangidwira. Ya injini za petulo za F ili ndi mano akuluakulu ochepa, ya 1HZ ili ndi ang'onoang'ono ambiri, ndipo kutalika kwa mashafti a mitundu yosiyanasiyana sikufanana. Kunja zonse zimaoneka H55F. Nyamulani mbale ya kilachi ya injini yanu popita kukagula, mukailowetse pa shaftiyo wogulitsa akuona.

Ntchito yotsala ndi ya mmisiri wodziwa kuwotcherera. H55F ndi yayitali kuposa ya magiya anayi ndi masentimita pafupifupi 9, ndiye pulopela yakumbuyo ifupikitsidwe, yakutsogolo italikitsidwe. Zimenezi zichitike pa makina a lathe, osati pa diso, chifukwa pulopela yopindika pang'ono imanjenjemeretsa galimoto pa liwiro lomwelo lomwe mukugulira giya yachisanu, n'kumadya mabering'i a transfer. Ma 40 akale, kutanthauza FJ45 ndi anzake, amanyamula giyabokosi ndi zomangira za pa bell housing, pamene H55F imafuna chitsulo chopingasa pansi pake, chomangidwa ku chasisi. Ndodo ya magiya ya H55F yochokera mu 60 kapena 75 imatulukira pamalo ena, ndiye pansi pa kabini pamafunika kubowola pena n'kutseka pakale, ndipo ndodoyo nthawi zina imafunika kuipinda kuti isamagunde mpando. Handibuleki ya FJ45 yakale ndi dramu yomwe ili kumbuyo kwa transfer. Transfer yatsopano ikabwera yopanda dramu, mwatsala opanda handibuleki mpaka mutapeza dramu yogwirizana nayo kapena mutaisamutsira ku magudumu akumbuyo. Pa zitunda za kwathu kuno imeneyi si nkhani yodikira.

Zilema za H55F n'zodziwika, ndipo zili ndi mankhwala. Choyamba, seal yotchinga oyilo pakati pa giyabokosi ndi transfer ikatha, oyilo amasamuka kuchoka uku kupita uko, mbali ina n'kudzadza, ina n'kuuma, pansi osadontha kanthu. Tsegulani zotsekera zonse ziwiri nthawi iliyonse yomwe mukusintha oyilo wa injini: ikatulutsa oyilo wambiri mbali imodzi, dziwani kuti inayo ili ndi ludzu. Amisiri ena amalumikiza mabowo awiri othirira oyilo ndi payipi kuti wosefukira azibwerera kwawo, ndipo zimathandiza, koma seal ndiyofunika kuisintha ndithu. Chachiwiri, mkati muli kakapu kakang'ono kotungira oyilo kupita ku giya yachisanu. Kakaiwalika pomanga, giyayo imayenda youma. Chachitatu, mano a shafti yakumbuyo, pamene pamakhala giya yolowetsa mphamvu mu transfer, amadyeka ndi zaka. Galimoto ikamagogoda "gu" mukamachotsa ndi kuponda phazi, yambani kukayikira pamenepo.

R151F ya mu 79

Iyi ndi yomwe mudzaipeze msanga. Toyota inaika R151F kumbuyo kwa 1HZ mu HZJ105 kuyambira 1998, ndi mu HZJ78 ndi HZJ79 kuyambira 1999, ndipo magalimoto amenewa ndi ambiri m'chigawo chathu chifukwa cha migodi ya malasha ya ku Moatize, mabungwe, zipatala ndi makampani a fodya. Ikagubuduka 79, giyabokosi yake imapezeka pa msika. Imalumikizika ku 1HZ popanda kusula kanthu, ndi yopepuka chifukwa mbali yaikulu ya thupi lake ndi aluminiyamu, ndipo magiya ake amalowa mofewa kuposa a H55F. Wozolowera ndodo ya FJ45 akaigwira amadabwa.

Magiya ake ndi 4.313, 2.330, 1.436, 1.000 ndi 0.838. Giya yachisanu ikufanana ndi ya H55F, 2,300 pa liwiro la 100, ndiye pamenepo palibe chosankhira. Kusiyana kuli pansi. Ndi difu ya 4.11, giya yoyamba imapereka 17.7, yomwe ndi yofooka kuposa ija 18.2 ya munthu wosintha difu. Toyota yeniyo inkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake 79 inapatsidwa difu ya 4.30. Pa FJ45 yosenza, kusiyanaku mudzakumva m'fungo la kilachi.

Chinanso n'chakuti R151F ndi ya banja la magiyabokosi a Hilux, yopangidwira galimoto yopepukirapo. Amisiri omwe amakonza ma 79 amaidziwa ndi matenda awiri: giya yachisanu yomwe imatopa ikamakokeredwa katundu, ndi mano a shafti yopita ku transfer omwe amadyeka mpaka galimoto kuima injini ikulira. Ambiri amayenda nayo zaka popanda vuto chifukwa amasunga lamulo lakuti katundu akakhala wolemera, quinta saigwira. Ngati muli ndi mwambo umenewo, ndipo dalaivala wanu alinso nawo, R151F ikutumikirani. Ngati mukuganiza zodzaika turbo pa 1HZ tsiku lina, musayambe n'komwe.

Chenjezo limodzi: R151F iliponso ya Hilux, ndipo ina imagulitsidwa motchipa. Bell housing yake si ya 1HZ, ndipo transfer ya Hilux imatulutsa pulopela yakumbuyo pakati, pamene difu yakumbuyo ya Land Cruiser ili chakumanja. Dzina n'limodzi koma si mtundu umodzi.

H150F ndi H151F za mu 80

Izi ndi zazikulu. Zinabwera ndi Land Cruiser 80 mu 1990, ndipo H150F inapitirira mpaka kuikidwa kumbuyo kwa injini ya V8 ya dizilo mu 79. Pa kulimba palibe ya Toyota m'gulu lino yoziposa. H150F ili ndi 4.529, 2.464, 1.490, 1.000 ndi 0.881. H151F ili ndi 4.081, 2.294, 1.490, 1.000 ndi 0.881. Mayina akusiyana ndi nambala imodzi yokha, koma kwa ife kusiyana kwake n'kwakukulu. H151F inapangidwira injini zamphamvu za turbo ndi za petulo, ndipo pa FJ45 ya 1HZ imapereka 16.8 ponyamuka ndi 2,415 pa liwiro la 100: yofooka pansi, yosapumitsa injini pamwamba. Isiyeni. H150F imapereka 18.6 ponyamuka, nambala yabwinoko, ngakhale kuti pa 100 ndi 2,415 yemweyo. Transfer yake ya HF1A ili ndi giya yotsika ya 2.488, pamene split case yomwe imayenda ndi H55F nthawi zambiri ndi 1.96, ndiye m'matope a mwezi wa February H150F imakwawa bwino kuposa.

Nanga bwanji sindinaisankhe? Kukula. Pansi pa kabini ya 40 ndi popanikiza, ndipo H150F ndi transfer yake zimafuna kudula ndi kukweza pansi pa kabini, kusula chitsulo chopingasa chatsopano, ndi kupanga mapulopela onse awiri kuyambira pachiyambi. Kilachi ndi bell housing zikhale za HZJ80. Ma 80 ambirinso ali ndi transfer ya HF2A, yoyendetsa magudumu onse anayi nthawi zonse, yomwe siyenerana ndi ekiselo yakutsogolo ya FJ45. Mtengo wake ndi wokwera chifukwa eni ma 79 nawonso amaisaka kuti achotse R151F. Kwa munthu amene waika 1HD-T, dizilo ya turbo ya Toyota, kapena 1HZ ya turbo, ndipo amakoka ngolo, ntchito yonseyi ndi yoyenera. Kwa 1HZ wamba, mukulipirira kulimba komwe injini yanu singathe kukuyesa.

NV4500 ya ku America

Mukafufuza pa intaneti za kuika dizilo mu pikapu yakale, dzina lomwe mudzakumane nalo kwambiri ndi NV4500, chifukwa olemba ambiri ndi a ku America, kumene amaika injini za Cummins 4BT ndi 6BT mu Ford, Chevrolet ndi Dodge zakale. Inapangidwa ndi New Venture Gear, ndipo inali m'mapikapu akuluakulu a General Motors ndi Dodge kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ndi chitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 90. Magiya a mtundu wofala ndi 5.61, 3.04, 1.67, 1.00, ndipo yachisanu ndi 0.73 kapena 0.75. Giya yoyamba imapereka 23.1, ndiye ponyamuka palibe yoifika.

Pa 1HZ mavuto ake amayambira pa mipata ya pakati pa magiya. Mukakokera giya yachitatu mpaka 3,000 n'kulowetsa yachinayi, injini imagwa kufika pa 1,800. Pa H55F imagwera pa 1,980. Cummins ya turbo, yomwe imakoka mwamphamvu ikuzungulira pang'onopang'ono, mpata umenewo suisokoneza. 1HZ yosenza simenti pa chitunda cha kumtunda kwa Mussacama imazimirira pamenepo, n'kukubwezani ku giya yachitatu. Giya yachisanu ya 0.73 imapereka 2,000 pa 100 ndi 1,600 pa 80, kutanthauza kuti pa liwiro lomwe FJ45 imayenda tsiku ndi tsiku, injini ili pansi pa mphamvu yake, ikufuka utsi wakuda ndi kutentha.

Onjezeranipo zoti kuilumikiza ku injini ndi ku transfer ya Toyota kumafuna zolumikizira zochita kuitanitsa kunja, monga za Advance Adapters ya ku California. Imafunanso oyilo wakewake chifukwa cha mtundu wa ma synchro ake, timphete tothandiza magiya kulowa mosakhulana, ndipo mukathira oyilo wamba wa giya amawonongeka. Ya Dodge ya dizilo imadziwikanso ndi nati ya giya yachisanu yomwe imamasuka, giya n'kusowa muli pa ulendo. Ku America zonsezi n'zazing'ono chifukwa zipangizo zili paliponse. Ikakufera pa Zóbuè, palibe sitolo ya ku Tete, Blantyre kapena Beira yomwe mungaidalire kuti ikhala ndi bering'i yake pa shelefu. Ndi giyabokosi yabwino kwambiri, koma kumbuyo kwa Cummins, ndiponso kwawo.

Pokagula yakale

Pafupifupi tonse timagula zakale, ndiye maso ndi manja anu ndiwo chitetezo. Tsegulani chotsekera chapansi muone oyilo. Tizitsulo tonga ufa pa maginito n'tachibadwa, koma tizidutswa togwirika ndi zala ndi mano a giya. Oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka ndiye kuti inamwa madzi, mwina inakhala pa mvula kapena inawoloka mtsinje. Gwedezani shafti yakutsogolo: kusewera pang'ono kulipo nthawi zonse, koma ikamagogoda, bering'i yatha. Lowetsani giya iliyonse uku mukuzunguza shafti, makamaka yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu. Pemphani kuti atsegule chivundikiro cha kumbuyo kwa transfer muone mano a shafti ija. Akakhala osongoka ngati a macheka, kapena pali fumbi lofiira ngati dzimbiri, chotsani mtengo wa shafti ndi giya yatsopano pa mtengo womwe akutchula. Wogulitsa akakana kutsegula, pitani kwina.

Musanaikweze m'galimoto, sinthani ma seal onse, bering'i ya mu flywheel ndi ya kilachi. Zinthu zimenezi n'zotchipa giyabokosi ili pansi, koma ikakwera ndi ntchito ya masiku awiri. Yang'ananinso kagiya koyendetsa sipidomita, chifukwa transfer yochokera m'galimoto ya difu ina imanamiza liwiro, ndipo apolisi a pamsewu sadzamva zoti munasintha giyabokosi. Pa nkhani ya mapepala, chomwe chimalembedwa mu livrete, buku la galimoto, ndi injini ndi mtundu wa mafuta, ndiye ngati mwachoka pa petulo kupita pa dizilo kakonzetseni ku INATRO, ofesi ya boma la Mozambique yoona za magalimoto, ndipo malisiti a injini ndi giyabokosi, pamodzi ndi mapepala a msonkho wa pachipata, muziwasunga.

Zomwe ndinasankha

Ndinakhala pa H55F. Transfer yake ndinaipeza mumzinda wa Tete, yochokera mu HZJ75 yomwe inachita ngozi, pamodzi ndi bell housing ndi chitsulo chopingasa. Mdala uja anaimasula yonse, anasintha shafti yakumbuyo ndi ma synchro awiri, ndipo kakapu ka oyilo kaja anandionetsa m'dzanja lake asanatseke. Mnzanga wina wa ku Dómuè anaika R151F mu HJ47 yake chifukwa ndi yomwe inapezeka, ndipo akuyenda bwino, koma iye amanyamula anthu ndi katundu wa m'sitolo, osati matumba a mbatatesi.

Mmene ndimayendetsera ndi motere. Galimoto ikasenza, ndimathera pa giya yachinayi ndipo sindipitirira 80. Mu giya yachinayi mphamvu imadutsa molunjika pa shafti imodzi, pamene mu yachisanu imazungulira kudzera pa shafti yapansi, ndipo pamenepo ndi pomwe pamabadwa kutentha. M'mwezi wa October ndi November ku Tete kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo oyilo wa m'giyabokosi amakhala atapsa kale ndi dzuwa la pa phula. Mabuleki a dramu nawonso sanapangidwire kuimitsa tani ya katundu pa 100. Quinta ndimaigwira katundu akakhala wopepuka, pa malo athyathyathya, liwiro likapitirira 80. Ndikaponda n'kuona kuti liwiro silikukwera koma utsi ukuda, ndimabwerera ku yachinayi msanga.

Mlungu wathawu ndinatsitsa mbatatesi mumzinda, ndipo pobwerera ndinangonyamula malata ochepa ndi mayi anga aang'ono omwe anali kuchipatala. Titadutsa Moatize ndinalowetsa giya yachisanu pa 90, ndipo iwo anayamba kundifotokozera za maliro a kumudzi ndi mtengo wa feteleza, ndi mawu awo apansipansi aja, ine ndikumva zonse mpaka pa mphambano ya Mussacama. Pamenepo tinakhotera kumanzere, msewu unayamba kukwera, ndipo ndinatsitsa giya.